Cigwiriro ca fupa: cifukwa ciyani cimasintha mtundu mpeni ukamakalamba?

Mpeni wopinda ndi kacida kakang'ono koma ka nchito zambiri. Ena amati mpeni wa m'thumba, ena amati kanivete. Timasendera nzimbe ndi mango, timadulira cingwe, timasongolera mtengo, timatumbulira nsomba. Mipeni yambiri ya masiku ano ili ndi cigwiriro ca pulasitiki kapena ca mtengo. Koma ilipo ina ya cigwiriro ca fupa, makamaka yakale imene makolo anatisiyira.

Fupa likangokonzedwa kumene limakhala loyera ngati mkaka. Pakapita zaka limasanduka lacikasu. Kenako limafanana ndi uci, mwinanso tiyi wopanda mkaka. Anthu ena akaona zimenezi amaganiza kuti fupa lawola. Ena amati ndi litsiro lofunika kulicotsa ndi mankhwala amphamvu. Potero amawononga mpeni umene unalibe vuto lililonse. Nkhani ino ikufotokoza zimene zimacitika m'kati mwa fupa, kuti muzitha kusiyanitsa kukalamba kwabwino ndi kuwonongeka kwenikweni.

Ziwalo za mpeni wopinda

Pali ziwalo zinayi zimene tiyenera kuzidziwa poyamba. Coyamba ndi citsulo codulira, cimene cimapindika n'kulowa m'cigwiriro. Caciwiri ndi timalata tiwiri topyapyala ta m'kati, pamene citsulo cija cimagona. Timalata timeneti timakhala ta mkuwa wacikasu kapena ta citsulo. Cacitatu ndi zibenthu ziwiri za fupa, cina mbali ino, cina mbali inayo. Cacinayi ndi timisomali timene timamanga zonsezi pamodzi. Musaiwale timalata ndi timisomali, cifukwa natonso timasintha mtundu wa fupa, monga tionere kutsogoloku.

Luso limeneli silinayambe dzulo. Pamalo ochedwa Hallstatt, m'dziko la Austria, anafukula mpeni wopinda wa cigwiriro ca fupa umene unapangidwa zaka 500 mpaka 600 Yesu asanabadwe. Anthu amakonda fupa cifukwa ndi lolimba, limapezeka paliponse pamene pali ziweto, ndipo limasalala bwino m'dzanja.

Kodi fupa linapangidwa ndi ciyani?

Fupa timaliona ngati mwala, koma si mwala ayi. Muli zinthu ziwiri zazikulu. Tikagawa kulemera kwa fupa patatu, pafupifupi magawo awiri ndi cinthu colimba cokhala ndi kashiamu. Cimeneci ndiye cimapatsa fupa kuuma ndi kuyera. Gawo lotsalalo ndi ulusi wofewa wochedwa kolajeni, pamodzi ndi madzi pang'ono.

Kolajeni mumamudziwa kale, dzina lokha ndi limene lili lacilendo. Mukaphika mang'ina nthawi yaitali, msuzi wake ukazizira umagwirana n'kumanjenjemera m'mbale. Cimene cagwiranitsa msuziwo ndi kolajeni amene watuluka m'mafupa, m'mitsempha ndi m'cikopa. M'fupa, kolajeni amagwira nchito yonga ya udzu umene ena amasakaniza ndi dothi poumba zidina. Popanda iye fupa limayoyoka ngati coko.

Mungathe kuziona nokha kunyumba. Tengani fupa la mwendo wa nkhuku, muliviike mu vinagre, amene ena amati viniga. Vundikirani, mudikire sabata imodzi. Mukalitulutsa mupeza kuti likupindika ngati mphira. Vinagre wasungunula gawo lolimba lija, kwatsala kolajeni yekha. Apa tikuphunzirapo kuti zinthu zowawasa zimadya fupa.

Pali cinthu cacitatu, ndipo ndiye mutu wa nkhani yonse. Nyama ikadali moyo, fupa lake limakhalanso lamoyo. M'kati mwake mumadutsa timitsempha ta magazi tating'ono kwambiri. Nyama ikafa, timitsempha timauma, koma tinjira take timatsala. Ndiye kuti fupa lili ndi timabowo tambirimbiri, tina tosaoneka ndi maso. Paja mbiya yatsopano imamwa madzi, eti? Fupa nalo limamwa. Limamwa madzi, mafuta, thukuta, utoto, ndi cina ciliconse cimene lakhala nalo pafupi nthawi yaitali. Pulasitiki samwa motero. N'cifukwa cake cigwiriro ca pulasitiki cimangokalika kapena kusuluka, pamene ca fupa cimasintha mtundu mpaka m'kati.

Mafupa ake ndi ati, ndipo amawakonza bwanji?

Si fupa lililonse lingakhale cigwiriro. Nthiti ndi mafupa a msana ali ndi khoma lopyapyala, m'kati mwake muli ngati cinkhupule. Amisiri amasankha fupa la mwendo wa ng'ombe, makamaka la pamsongolo, cifukwa ndi lowongoka ndipo khoma lake ndi lokhuthala.

Kampani ya W. R. Case & Sons ya ku Bradford, m'dziko la United States, inayamba m'caka ca 1889 ndipo ndi yochuka pa mipeni yopinda ya fupa. Mafupa ake imawatenga ku ng'ombe za linunda za ku Brasil. Ng'ombe zathu za ku Angónia nazonso ndi za mtundu wa linunda. Ndiye fupa limene timaponyera galu tikatha kudya ndi lomwelo limene kwina amapangira cinthu ca mtengo wapatali.

Kakonzedwe kake kamayenda motere. Amacotsa nyama yonse ndi mitsempha. Amadula nsonga ziwiri za fupa n'kutulutsa mafuta a m'kati. Amalitsuka m'madzi otentha ndi sopo kangapo kuti mafuta otsalira acoke. Amaliumitsa pang'onopang'ono pamthunzi. Likauma amaliceka m'zibenthu zopyapyala. Zibenthu zina amazisiya zosalala. Zina amazigoba timizera ndi timaenje kuti mpeni usamaterereke m'dzanja. Zina amaziviika mu utoto wofiira, wobiriwira, wacikasu kapena wofanana ndi khofi. Pomaliza amazikhomera pa timalata tija n'kuzipukuta mpaka ziwale.

Zinthu zimene zimasintha mtundu wa fupa

1. Dzanja la mwini wake

Khungu lathu limatulutsa thukuta ndi mafuta tsiku lililonse, ngakhale titasamba bwanji. Nthawi iliyonse mukagwira mpeni, timafuta pang'ono timatsala pa fupa n'kulowa m'timabowo tija. Mafuta akakumana ndi mpweya nthawi yaitali amasanduka acikasu, kenako amadera. Izi sizicitika tsiku limodzi. Zimatenga miyezi ndi zaka.

Taonani mpini wa khasu limene mwalimira zaka zingapo. Pamene manja amagwira ndi pakuda ndi posalala, pamene sagwira ndi potuwa. Cigwiriro ca fupa cimacitanso cimodzimodzi. Pamene cala cacikulu cimakanikiza pamayamba kudera msanga. Dzanja ndi nsalu ya thumba zimapukutanso fupa tsiku ndi tsiku, mwakuti mpeni wakale umawala kuposa watsopano. Anthu awiri akagula mipeni yofanana tsiku limodzi, pakatha zaka khumi mipeniyo sidzafanananso. Uliwonse udzakhala utatengera dzanja la mwini wake.

2. Mafuta otsalira m'fupa

Kucotsa mafuta onse m'fupa n'kovuta. Ngati mmisiri anafulumira, ena amatsalira m'kati. Kukatentha, mafutawo amasungunuka n'kukwera pamwamba. Zikatero mumaona mawanga acikasu apa ndi apo, ooneka ngati pepala limene ladonthezedwa mafuta a mandasi. Mawanga amenewa acokera m'kati, ndiye ngakhale mupukute bwanji sacoka. Sawononga mpeni. Koma ngati cigwiriro cikunona ndiponso cikununkha, dziwani kuti fupalo silinakonzedwe bwino.

3. Nchito imene mpeni umagwira

Mano a munthu wokonda tiyi kapena fodya amasintha mtundu. Fupa limamwa zinthu zimenezi mosavuta kuposa dzino. Mlimi wa fodya wa ku Macanga amagwira mpeni ndi manja a utomoni wa masamba, ndipo cigwiriro cake cimadera msanga. Msodzi wa ku Metangula amaugwira ndi manja a madzi ndi mafuta a nsomba. Wogulitsa nyama amaugwira ndi manja a magazi. Wokonza njinga amaugwira ndi manja a oyilo wakuda. Wolima m'dothi la katondo amasiya kufiira m'timizera ta cigwiriro. Munthu wodziwa akayang'ana mpeni wakale angathe kulota nchito imene mwini wake ankagwira.

4. Dzuwa ndi mdima

Poyenda m'chire mumapeza mafupa a nyama imene inafa kalekale. Amakhala oyera mbuu, opepuka, ong'aluka, ndipo mukawakanda amatuluka fumbi. Dzuwa ndi mvula zacotsamo mafuta n'kuwononga kolajeni. Kuyera kumeneku si kwa fupa latsopano ayi, ndi kwa fupa lotha mphamvu. Mpeni woiwalidwa padenga kapena pawindo masiku ambiri umayamba ulendo womwewo. Utoto wake umasuluka, makamaka mbali imene yapenya kudzuwa.

Mdima umacita zosiyana. Fupa losungidwa m'bokosi zaka zambiri, osaona kuwala, limanka likhala lacikasu ngakhale palibe amene akuligwira. Mafuta ndi kolajeni za m'kati zimasintha zokha ndi ukalamba. N'cifukwa cake mpeni wina umakhala ndi mbali ziwiri zosiyana, ina yoyererapo, ina yacikasu. Ndiye kuti unagona malo amodzi nthawi yaitali.

5. Zitsulo za mpeni womwewo

Yang'anani mozungulira timisomali. Mukaona kamkombero kobiriwira, ndiye kuti timisomalito kapena timalata ta m'kati ndi ta mkuwa. Mkuwa ukakumana ndi cinyezi, thukuta ndi mafuta umatulutsa zobiriwira, monga zimacitira zibangili za mkuwa pamkono. Fupa limamwa kubiriwirako. Mukaona kamkombero kofiirira, limenelo ndi dzimbiri locokera ku citsulo.

Pa ziwirizi, dzimbiri ndiye loopsa. Citsulo cikacita dzimbiri cimafufuma. Kamsomali kofufuma kamakankha fupa kucokera m'kati mpaka kuling'amba. Ming'alu yambiri ya zigwiriro za fupa imayambira pa kamsomali.

6. Moto ndi kutentha

Fupa likagwera pamoto limasintha mtundu motsatana. Limayamba kufiirira, kenako limada bii, kenako limatuwa ngati phulusa, pomaliza limayera n'kumayoyoka. Amisiri ena amawaula fupa pang'ono mwadala kuti likhale ndi mawanga okongola. Iwo amadziwa polekezera. Koma mpeni wosiyidwa pafupi ndi mafuwa kapena pambali pa mbaula umauma mopitirira, umapindika, ndipo ungang'aluke.

7. Dothi

Fupa lokwiririka m'nthaka limatenga mtundu wa nthakayo. Dothi lokhala ndi citsulo cambiri limalifiiritsa, dothi lina limalidetsa. Citsanzo codziwika ndi fupa la ku Ishango, m'dziko la Congo, pafupi ndi mtsinje wa Semliki. Analifukula m'caka ca 1950 ndi katswiri wa miyala wa ku Belgium, Jean de Heinzelin. Ndi lalitali masentimita pafupifupi 10, ndipo lakhala zaka pafupifupi 20,000. Kunsonga kwake kuli kamwala kakuthwa, ndiye kuti fupalo linali ngati cigwiriro ca kacida. M'mbali mwake muli timizera togoba m'magulumagulu. Lero mtundu wake ndi wakuda mofiirira, ndipo likusungidwa mumzinda wa Brussels. Mpeni umene unatayika m'munda n'kupezeka patapita dzinja limodzi kapena awiri umakhala utayamba kale kusintha motero.

Cigwiriro ca utoto cimakalamba mosiyana

Zimene tanena pamwambapa zimaoneka bwino pa fupa loyera. Fupa lopaka utoto lili ndi njira yakeyake. Utoto umalowa kwambiri pamwamba, koma m'kati mwenimweni umafika wocepa. Mpeni ukamakhuzana ndi thumba, makiyi ndi ndalama zacitsulo, malo otukuka amaperepeseka. Pamenepo utoto umacepa ndipo fupa loyera la pansi limayamba kuonekera. M'timizera ndi m'timaenje dzanja silifika, ndiye utoto umatsala, ndipo fumbi ndi mafuta zimaunjikana momwemo.

Mapeto ake, cigwiriro cimakhala ndi mitundu iwiri: pamwamba powala ndi poyererapo, m'maenje mwakuda. M'mphepete, mmene munali makona akuthwa, mumakhala mobulungira. Fupa loyera limanka lidera, pamene fupa la utoto limanka liyera pamwamba. Zonse ziwiri ndi ukalamba wabwinobwino.

Kumaiko kumene anthu amasonkhanitsa mipeni yakale, maonekedwe amenewa amakondedwa kwambiri. Kampani ya Case ija imafika popanga mipeni ina yatsopano yoipukuta mwadala kuti ioneke ngati yakhala kale m'thumba. Kwa iwo mpeni wakale wocita kupalidwa kuti uyere umatsika mtengo.

Kuwerenga mtundu wa cigwiriro

Mtundu wa fupa uli ngati zilembo. Ukazidziwa, umawerenga. Nazi zina:

Cikasu cofanana paliponse, cosalala ndi cowala: ukalamba wabwino. Palibe cocita.

Mtundu wa uci kapena wa tiyi pamene dzanja limagwira: mpeni wagwira nchito zaka zambiri. Palibe vuto.

Timadontho ndi timizera takuda tating'ono: timabowo tacilengedwe ta fupa tadzaza fumbi. Ndi umboni woti ndi fupa lenileni.

Mawanga acikasu ooneka onyowa: mafuta a m'kati akutuluka. Pukutani basi.

Kubiriwira pa timisomali: mkuwa wakumana ndi cinyezi. Pukutani, sungani pouma.

Kufiirira pa timisomali kapena m'mphepete: dzimbiri. Citanipo kanthu msanga.

Kuyera kotuwa, kosawala, kokhakhala: fupa lauma kwambiri, kapena lapsa ndi dzuwa kapena mankhwala.

Mawanga akuda kapena otuwa okhala ndi fungo la nkhungu: mpeni wakhala pacinyezi.

Mzere wakuda wautali umene cikhadabo cimakodwamo: umenewo ndi mng'alu, osati mtundu cabe.

Kasamalidwe kake

Mdani wamkulu wa fupa ndi kunyowa n'kuuma, kunyowa n'kuuma. Fupa likamwa madzi limafufuma pang'ono, likauma limabwerera. Citsulo cimene lakhomeredwapo sicitero. Ndiye fupa limakokana ndi timisomali mpaka kung'aluka. Kwathu kuno dzinja limabwera ndi cinyezi, cilimwe cimabwera ndi kutentha kouma, makamaka kucigwa ca Zambezi monga mumzinda wa Tete. Mpeni wa fupa umamva kusintha konseku.

Zoyenera kucita ndi izi. Mukatha nchito, pukutani citsulo ndi cigwiriro ndi kansalu kouma. Ngati mwadulira nyama kapena nsomba, tsukani ndithu ndi sopo ndi madzi, cifukwa magazi otsalira m'timizera ndi m'kati mwa mpeni amasunga tizilombo toyambitsa matenda. Koma tsukani mwacangu, osauviika. Kenako pukutani, muusiye wotsegula pamthunzi podutsa mphepo mpaka uume. Litsiro la m'timizera licotseni ndi mswaci wakale. Kawiri kapena katatu pa caka, pakani cigwiriro kadontho ka mafuta oyera odzoza ana, kapena vaselini pang'ono, n'kupukuta otsala. Mafutawa amadetsako fupa pang'ono, koma amaliteteza kuti lisaume. Popindikira citsulo donthezani kadontho ka mafuta a makina osokera, ndipo pukutani citsulo bwinobwino musanadulire cakudya.

Zosayenera kucita ndi izi. Musausiye m'beseni la mbale usiku wonse. Musauviike mu javel kapena jiki. Mankhwala amenewa amayeretsadi, koma amadya kolajeni, ndipo fupa limatsala lofumbutuka ngati la m'chire lija. Zikafika pamenepo palibenso mankhwala olibwezera. Musautsuke ndi mandimu kapena vinagre. Kumbukirani fupa la nkhuku lija. Musaukwece ndi mcenga, phulusa kapena sandipepa. Mungacotse cikasu ca pamwamba, koma mutsegula timabowo tatsopano, ndipo fupa lidzada msanga kuposa kale. Musapake mafuta ophikira, cifukwa pakapita nthawi amamata ndipo amanunkha. Musaumitse mpeni pamoto kapena padzuwa la masana.

Nanga mng'alu ukaoneka? Ngati ndi waung'ono ndipo cibenthu sicikugwedera, mpeni ungagwirebe nchito zaka zambiri. Ingopewani madzi. Kadontho ka guluu wamadzimadzi wouma msanga kangatseke mng'aluwo kuti usapitirire. Koma mpeni wong'aluka cigwiriro musamadulire nyama yaiwisi, cifukwa mumng'alu simutsukika.

Pamsika: fupa, pulasitiki, nyanga kapena mnyanga?

Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Si cigwiriro ciliconse cacikasu cimene cili ca fupa, ndipo si ciliconse cooneka cakale cimene cilidi cakale. Kuyambira zaka za m'ma 1870, mafakitale akhala akupanga pulasitiki wofanana ndi fupa. Ndiye musanapereke ndalama zanu, yang'anitsitsani.

Fupa lili ndi timadontho ndi timizera tating'ono tosafanana. Ngati maso sakuona bwino, jambulani ndi foni n'kukulitsa cithunzico. Mbali ziwiri za cigwiriro ca fupa sizifanana ndendende. Mukaligunditsa pang'ono pa dzino limalira ngati kamwala, ndipo mukaliika patsaya limayamba lazizira.

Pulasitiki alibe timabowo. Mtundu wake ndi umodzi paliponse, ndipo mipeni khumi ya pa tebulo limodzi imakhala ndi timizera tofanana ngati mapasa. Pa dzino amamveka mofewa. Singano yotentha imalowa mu pulasitiki n'kumusungunula, pamene pa fupa silowa, imangosiya kadontho ndi fungo la tsitsi lopserera. Koma njira imeneyi imasiya cipsera, ndiye musayese pa mpeni wa mwini.

Mtengo uli ndi mizere yaitali yotsata kumene mtengowo unakulira. Mpeni wa Okapi, umene ambiri timaudziwa, uli ndi cigwiriro ca mtengo, osati fupa. Unayamba kupangidwa ku Solingen, m'dziko la Germany, m'caka ca 1902, ndipo kuyambira 1988 umapangidwa ku South Africa.

Nyanga ya ng'ombe si fupa. Inapangidwa ndi zinthu zofanana ndi zikhadabo ndi tsitsi. Mukaiyang'ana padzuwa, kuwala kumadutsako pang'ono m'mphepete, ndipo ikakalamba imasendeka m'timagawo topyapyala.

Ukalamba wonamizira nawo ulipo. Fupa latsopano akaliviika mu tiyi wamphamvu kapena khofi limaoneka lakale. Mungalizindikire bwanji? Ukalamba weniweni sufanana paliponse. Umakhala wambiri pamene dzanja limagwira. Umayenderanso limodzi ndi ziwalo zina: citsulo cimakhala cocepa cifukwa conoledwa, makona amakhala obulungira, timisomali timakhala tosalala. Cigwiriro cikakhala cakuda mofanana ponseponse, koma citsulo cili cacikulu ndi makona ali akuthwa, ukalambawo ndi wa mumphika.

Comaliza ndi mnyanga wa njovu, ndipo apa mpofunika kusamala kwambiri. Mnyanga ndi dzino, si fupa. Ulibe timadontho takuda. Ndi wosalala kwambiri, ndipo podulidwa pamaoneka timizera topingasana ngati maso a ukonde. Nawonso umasanduka wacikasu ukamakalamba, n'cifukwa cake anthu amausokoneza ndi fupa. Malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa m'caka ca 1989 pa pangano la CITES. Kuno ku Moçambique, lamulo loteteza zacilengedwe la 2014, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limapereka cilango ca ndende mpaka zaka 16 pa milandu yopha nyama zotetezedwa ndi kugulitsa ziwalo zake. Wina akakuuzani monong'ona kuti cigwiriro ici ndi ca njovu, musagule. Ngati akunama, akuberani ndalama. Ngati akunena zoona, akupatsani mlandu.

Mfundo zofunika kukumbukira

Fupa lili ndi timabowo, ndiye limamwa zimene lakhudzana nazo. Cikasu ndi mtundu wa uci ndi zizindikiro za mpeni umene wagwira nchito, osati wowola. Zofunika kuziopa ndi dzimbiri, ming'alu, nkhungu ndi kuyera kofumbutuka. Mpeni wa fupa umafuna zinthu zitatu basi: kuupukuta, kuusunga pouma, ndi kadontho ka mafuta mwa apo ndi apo. Mukausamala motero, udzafika m'manja mwa adzukulu uli wolimba, mtundu wokha ndi umene udzakhale utasintha.

Mawu oti tiwadziwe

Cigwiriro: mbali ya cida imene dzanja limagwira.

Cibenthu: kagawo kopyapyala kocekedwa ku cinthu cacikulu.

Kolajeni: ulusi wofewa wa m'fupa ndi m'cikopa umene umagwiranitsa thupi.

Kashiamu: cinthu cimene cimalimbitsa mafupa ndi mano.

Kusuluka: kutha kwa utoto cifukwa ca dzuwa, madzi kapena kukhuzika.

Mng'alu: mzere wosonyeza pamene cinthu cayamba kusweka.

Mafunso okambirana pagulu

1. Chulani zinthu ziwiri zazikulu zimene zili m'fupa. Ciliconse cimagwira nchito yanji?

2. N'cifukwa ciyani fupa limasintha mtundu mpaka m'kati, pamene pulasitiki satero?

3. Kubiriwira kwa pa timisomali kumacokera kuti? Nanga kufiirira?

4. Mnzanu akufuna kuviika mpeni wa agogo ake mu javel kuti uyere. Mungamulangize ciyani?

5. Yang'anani zida za pakhomo panu, monga mpini wa khasu, mthiko ndi munsi. Lembani ziganizo zitatu zofotokoza mmene mtundu wake wasinthira kuyambira pamene zinali zatsopano.